Swift Sport ndi anzake atatu, monga timawaonera ife a sipana

Munthu akafika pagalaja yathu ku Biwi n'kunena kuti wagula Suzuki Swift Sport, sindithamangira kutsegula boneti. Ndimayamba ndawerenga manati a tayala. Akakhala asanu, tingakambe za Sport. Akakhala anayi, ndiye kuti bwanawo agula Swift wamba yomwe wina anaimata chizindikiro kumbuyo, kapena Swift RS, yomwe imaoneka yaukali kunja koma m'kati muli kainjini ka 1.2 komwe kali mu Swift ya aliyense. Sport yeniyeni ili ndi mipope iwiri ya ekisozi kumbuyo, ndipo nambala yake ya chasisi imayamba ndi ZC31S, ZC32S kapena ZC33S.

ZC31S inatuluka ku Japan mu 2005 ndi injini ya M16A ya malita 1.6, yotulutsa mahosipawa 125. Mu 2011 kunabwera ZC32S: injini yomweyo koma yokwezedwa kufika pa 136, ndi magiya asanu ndi limodzi a pamanja. Mu 2017, pa ZC33S, a Suzuki anataya 1.6 n'kuika 1.4 ya turbo, K14C. Zambiri mumaziona zachikasu chowala, mtundu womwe a Suzuki ankapaka magalimoto awo a mpikisano wa rally. Mu 2007 P-G Andersson wa ku Sweden anatenga chikho cha Junior World Rally Championship akuyendetsa Swift, ndipo kampaniyo sinalole kuti dziko liiwale.

Mnyamata amene akusakatula pa foni magalimoto a ku Japan, n'kumawerengera za sitima yofika ku Dar es Salaam ndi msonkho wa pa Songwe, kawirikawiri amakhala akuyang'ana magalimoto anayi: Swift Sport, Toyota Vitz RS, Honda Fit RS ndi Volkswagen Polo GTI. Funso lake limakhala limodzi: "Achimwene, yothamanga kwambiri ndi iti?"

Yankho lake ndi Polo, ndipo palibe chokanganirana. Polo GTI ya 2010 mpaka 2014 ili ndi mahosipawa 180 ndipo imafika pa liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi 6.9, pomwe ZC32S imafuna 8.7. Chodabwitsa n'chakuti mphamvu zonsezo zikuchokera mu injini ya malita 1.4 okha. Ajeremani anaikamo zopopa mpweya ziwiri: supercharger yoyendetsedwa ndi lamba, yomwe imagwira ntchito injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndi turbo yomwe imalandira ntchitoyo injini ikayamba kuzungulira mwachangu. Pansi pa boneti panadzaza mpaka batire analisamutsira kubuti. Giyabokosi yake ndi DSG ya magiya asanu ndi awiri, yokhala ndi maklatchi awiri ouma: pamene imodzi ikukoka, inayo yagwira kale giya yotsatira. N'chifukwa chake imasintha magiya mwamsanga kuposa dzanja la munthu aliyense.

Ndi ntchito yokongola, ndipo ndimaivulira chipewa. Koma chilichonse mwa zinthu zimenezi ndi chinthu chinanso choti chidzafe. Injini imeneyi inatchuka ku Ulaya konse ndi kumwa oyilo komanso kutamuka kwa tcheni cha taimingi, ndipo mu 2013 a Volkswagen anaitanitsa magalimoto pafupifupi 1.6 miliyoni okhala ndi DSG ya mtundu umenewu kuti akasinthe oyilo wa m'giyabokosi. Iwo eni, pokonzanso Polo GTI cha m'ma 2015, anachotsa injiniyo n'kuika 1.8 ya turbo imodzi. Klatchi youma imadana ndi kukwawa. Pamzere wa magalimoto wa m'mawa, woti mukuyenda mita imodzi n'kuima, imangokhuzana n'kumatentha. Ndipo ikavuta simungaimvetsere ndi khutu monga tinaphunzirira ife. Pamafunika kompyuta yodziwa kulankhula ndi Volkswagen, ndipo sipeya yake nthawi zambiri imachita kuitanitsidwa ku Johannesburg, galimoto ili pamiyala.

Vitz RS ili kumapeto enawo. Injini yake ya 1.5, yotchedwa 1NZ-FE, imatulutsa mahosipawa 110 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo ndi yomweyo ili mu Probox, mu Sienta, mu Corolla Axio ndi Fielder. Mwana aliyense wophunzira umakaniko amaidziwa asanamere ndevu. Koyilo, pampu ya madzi, gasiketi, ngakhale injini yathunthu, mumapeza tsiku lomwelo kuno ku Biwi kapena ku Ndirande. Koma tinene zoona: RS ndi Vitz yovala suti. Mashoka ndi olimbirapo, marimu ndi a mainchesi 16, mipando imagwira m'nthiti, koma mtima wake ndi wa galimoto yonyamula katundu wa m'sitolo. Ndiponso chenjerani, ma RS ena anatuluka ndi 1.3.

Fit RS ndimailemekeza kuposa mmene anyamata amailemekezera. Ya 2007, GE8, ili ndi mahosipawa 120. Ya 2013, GK5, ili ndi 132, ndipo injini ya Honda imakonda kuzungulira, imayimba bwino ikakwera. Thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, zomwe zinasiya malo kumbuyo moti mipando imapindika n'kugona pansi kwenikweni. Pa anayiwa, ndi yokhayo yomwe munganyamulire matumba a chimanga kuchokera kumudzi popanda kudandaula. Vuto lake ndi lakuti ndi yaitali mmwamba, ndipo mukaikhotetsa mwamphamvu thupi lake limakukumbutsani kuti inapangidwira banja.

Nanga n'chifukwa chiyani ine ndimaima ndi Swift, yomwe siikupambana pa liwiro, pa masipeya, kapena pa malo? Chifukwa cha kulemera. ZC32S ya magiya a pamanja imalemera makilogalamu pafupifupi 1,050, Polo pafupifupi 1,200. ZC33S anaipepukitsanso mpaka 970, chonsecho mphamvu yake yokoka inakwera kuchoka pa 160 Nm kufika pa 230. Galimoto yopepuka imaima msanga, imakhota popanda kukakamizidwa, siidya mabuleki ndi matayala, ndipo mabushi ake amakhalitsa. Pamsewu wokhotakhota ngati wa Masasa kutsikira ku Golomoti, mahosipawa 44 omwe Polo ikuposera ZC32S alibe poti agwirire ntchito. Chomwe chimafunika ndi chiwongolero chokuuzani zomwe matayala akutsogolo akuchita, ndipo apa Swift ilibe mnzake pa anayiwa. A Suzuki sanangoimata zizindikiro. Anasintha mahabu, anaika mashoka a Monroe, mabuleki a madisiki mawilo onse anayi, n'kupatsa injini mapisitoni ndi makamu akeake.

Kwa ine wokonza, M16A ndi injini yosabisa kanthu. Ilibe turbo, taimingi yake ndi ya tcheni osati lamba, mapulagi anayi ali pamwamba poonekera, ndipo dzanja limalowa paliponse. Mukamaisinthira oyilo pa nthawi yake, imakalamba mwaulemu. K14C ya turbo ndi yamphamvu kuposa pamenepo ndipo imakoka kuyambira pansi, koma imapopera petulo m'masilinda mwachindunji ndi mphamvu yaikulu, choncho siikhululukira mafuta a m'zigubu. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene anthu amagula petulo wa m'mbali mwa msewu wosadziwika kumene wachokera, mainjini a mtundu umenewu ndi amene amayamba kudwala.

Nkhani ya petulo ili ndi mbali inanso. Ku Japan, Swift Sport ndi Polo GTI zinapangidwira petulo wa okiteni yokwera, pomwe Vitz ndi Fit zimamwa wamba. Kuno pampu ndi imodzi, petulo ndi mmodzi, wosakaniza ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Kompyuta ya injini ikamva kugogoda imabweza taimingi yokha, ndiye galimoto imayenda ndithu, kungoti mahosipawa onse olembedwa pakabuku simungawapeze masana a mwezi wa October.

Pomwe Swift imandikwiyitsa ndi pa matayala. ZC32S ndi ZC33S zimavala 195/45R17, saizi yosowa, ndipo mphira wapakati pa rimu ndi msewu ndi wochepa kwambiri. Dzenje limodzi la pa M1 nthawi ya dzinja limatupitsa tayala m'mbali kapena kupinda rimu. Tayala lapadera mulibe; a fakitale anangoikamo kabotolo ka zomatira ndi kapampu, zomwe sizithandiza tayala likang'ambika pakati pa Ntcheu ndi Balaka usiku. ZC33S ili masentimita 12 okha kuchoka pansi, ndiye mahampu amafunika kuwakwera chammbali. Polo, ndi 215/40R17 yake, ili pamavuto omwewo. Eni ake ambiri ndimawalangiza kutsikira pa marimu a 16 ndi tayala lokhuthalirapo, malinga rimuyo isakhudze kalipa ya buleki, ndi kugula tayala lachisanu ngakhale lidye theka la buti.

Chomaliza chomwe ndimafunsa munthu asanatumize ndalama ndi giyabokosi. Pa okishoni pali ma ZC32S, ma Vitz RS ndi ma Fit RS ambiri a CVT, chifukwa ku Japan anthu ambiri amayendetsa otomatiki. CVT ilibe vuto pa galimoto yopitira kuntchito bola muziithira mafuta ake enieni, osati ATF wamba. Koma pa galimoto yomwe mwagulira kuti muzimva kukoma kuyendetsa, imangoliritsa injini pamalo amodzi liwiro likubwera pambuyo. Wofuna kugona tulo atenge Vitz, wa ana atatu atenge Fit, wa ndalama zosungira DSG atenge Polo. Wondifunsa yomwe ndingagule ndi ndalama zanga ndimamuuza ZC32S ya magiya a pamanja, yomwe pepala lake la ku okishoni silikusonyeza kuti inagundidwa kutsogolo, ndipo ikangotsika pa Songwe abwere nayo tisinthe oyilo, mapulagi ndi madzi a mabuleki isanayende ulendo wina uliwonse.