Foni ili m'thumba mwa ndani?

Pamene kampani ya Celtel inayamba ntchito m'Malawi mu 1999, itapeza TNM ilipo kale, lamya ya m'manja inali ya mabwana a m'tauni. M'midzi ya ku Balaka uthenga wa matenda unkayendabe pa njinga. Mayi wina wa kumeneko, amene wakhala akuyendera amayi oyembekezera mongodzipereka kwa zaka zambiri, akafunsidwa za chitukuko cha lamya satchula nsanja zimene zinamera m'mbali mwa misewu. Amatchula chaka cha 2011.

M'chaka chimenecho bungwe la VillageReach, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linatsegula Chipatala Cha Pa Foni m'bomalo. Mayi wapakati kapena wa mwana wamng'ono ankaimba mwaulere n'kulankhula ndi wazaumoyo, amene ankamulangiza ngati kunali koyenera kudikira kapena kunyamuka msanga. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala, funso limeneli si laling'ono: muli ndalama ya kabaza, tsiku lakumunda, ndipo nthawi zina moyo umene.

Koma pakhomo pamene panali foni, kawirikawiri inkakhala m'thumba mwa bambo. Bamboyo akapita kumsika kapena kuganyu, chipatala chija chinkapita naye. Akakhalaponso, si mkazi aliyense amene akanafotokoza za kutaya magazi apongozi ali tcheru pakhonde. N'chifukwa chake ntchitoyi inadalira anthu odzipereka okhala ndi foni m'midzimo. Mayi uja ankaimba nambala, kupereka foni kwa mnzakeyo, iye n'kukaima chapatali pansi pa mtengo wa mango mpaka zokambirana zithe. Kutalikira kumeneku anakuphunzira yekha, ataona kuti akakhala pafupi anzakewo ankangoyankha kuti "ndili bwino".

Chinamusautsa kwambiri ndi moto. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. Batire likatha, foni inkagona kwa wometa tsitsi kumsika, kumene ankalipira kuti itchajidwe. Pomwe matenda a uchembere sasankha usiku woti ayambe. Kasola kakang'ono kamene anagula atagulitsa nandolo kanamuthandiza kuposa nsanja yatsopano iliyonse.

Mu 2018 Chipatala Cha Pa Foni chinafalikira m'maboma onse 28. Airtel Money inali itafika mu 2012 ndipo Mpamba mu 2013. Mwana wake tsopano amafunsa mtengo wa nandolo ku Limbe pa WhatsApp asanakumane ndi mavenda, ndipo mayiyo saipeputsa intaneti. Komabe yake ndi foni ya mabatani, imene moto wake umakhala masiku angapo. Usiku amaiika kumutu kwa mphasa, pakuti m'mudzimo alipobe amayi amene amagogoda pakhomo pake kuti, "Odi amayi, tibwerekeko foni."