Coldfront ndimaidziwa, nanga Fort Lister?

Pali mapu ena mu Team Fortress 2 otchedwa Coldfront. Ponseponse ndi chipale chofewa, chinthu chomwe ambirife kuno ku Phalombe sitinachipondepo. Komabe ine ndikhoza kukuuzani ngodya iliyonse ya malowo: pobisala, pothawira, pomwe mdani amakonda kutulukira.

Malamulo ake ndi osavuta. Magulu awiri, RED ndi BLU, amalimbirana malo 5. Gulu lililonse limayamba ndi malo awiri, apakati alibe mwini. Mukaima ambiri pamalopo mumalanda msanga, koma mdani mmodzi yekha akapondapo, kulandako kumaima. Ndiye mfuti yokha siipambanitsa. Amapambana ndi amene akudziwa njira.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata womwe ogulitsa akapolo ankadutsitsamo anthu. Mu 1893 atsamunda a ku Britain anamanga Fort Lister pamenepo kuti atseke njirayo. Amene wagwira mpata, wagwira dera lonse. Nzeru yomwe timaiphunzira pa kompyuta usiku, makolo athu anaiona ndi maso, ena ali m'magoli. Koma funsani anzanga amene timasewera nawo: Coldfront amaijambula pamtima, Fort Lister ambiri sanafikeko, ngakhale ili pakhomo.

Sindikunena kuti tipange masewero owomberana pamalo pomwe anthu analira. Ayi. Ndikunena za amene amajambula dziko. Coldfront sinapangidwe ndi Valve, kampani ya masewerowa. Anaipanga ndi osewera wamba, ndipo Valve inaitenga mu 2010. Anthu aja anakhala pansi n'kulingalira khoma lililonse, mpaka mnyamata wa ku Migowi akuloweza malo awo.

Ife tili ndi nkhungu ya chiperoni yomwe imabisa munthu ali pafupi, zigwa zolowera ku nyanja ya Chilwa, ndi mitsinje yomwe namondwe Freddy anaisandutsa njira za imfa mu Malichi 2023. Zoona, bandulo ndi yodula ndipo magetsi amazimazima. Koma nthawi yosewera timaipeza ndithu.

Ife a maphunziro a mbiri ndi zolembalemba timakonda kunena kuti zopanga masewero ndi za anzathu a sayansi. Iwo amadziwa kumanga khoma pa kompyuta. Nkhani ya khomalo ili ndi ife. Tikapanda kukhala nawo pansi, ana a ku Chiringa adzakula akudziwa mapiri a eni, la kwawo akungoliona pawindo la minibasi.