Kalata ya makaniko kwa mwana wake wopita ku Joni

Mnyamata wina wa ku Ndirande atapeza ntchito ku Johannesburg, msuweni wake wa kumeneko anamulonjeza galimoto pa mtengo wachibale: Golf GTI yoyendapo kale, imene mwini wake woyamba anaigwiragwira kuti izithamanga kwambiri. Bambo ake a mnyamatayo akalambira m'galaja. Za akuba ndi chisanu cha mu June anangotchulako pang'ono m'kalata imene anamuikira m'chikwama, koma nkhani ya petulo inadzaza masamba awiri.

"Mwana wanga," analemba motero, "kuno kwathu pomwetsa mafuta umangotchula ndalama. Kumeneko akakufunsa kuti 93 kapena 95, ndipo usakayankhe poyang'ana mtengo."

Bambowo akufotokoza kuti manambalawa sanena za mphamvu ya mafuta. Ndi muyeso wa okiteni, ndiko kupirira kwa petulo akapanikizidwa mu silinda. Petulo amayenera kupsa mwadongosolo, moto kuchokera pa pulagi. Akakhala wosapirira, gawo lake lina limaphulika lokha moto usanalifike, ndipo injini imagogoda ngati misomali m'chitini. Zikapitirira, pistoni ndi malingi ake zimasweka, ndalama yokonzera n'kukhala yogwetsa mphwayi.

Petulo wa 93 amagulitsidwa m'madera a kumtunda monga Gauteng, pamene ku Durban ndi Cape Town kuli 95 yekha. Chifukwa chake n'chakuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja. Mpweya ndi wopepuka kumeneko, choncho injini wamba imakoka wochepa ndipo siipanikiza mafuta kwambiri. Koma turbo, monga ya GTI ija, imadzikankhira yokha mpweya mu silinda, kaya ndi pa phiri kaya ku doko. "Ukadzamva anzako akuti ku Joni aliyense amamwetsa 93, uwafunse ngati galimoto zawo zili ndi turbo."

Pamene bambowa achedwapo kwambiri ndi pa kapepala komatidwa mkati mwa chitseko cha thanki. Kapepalako kamanena zoona, koma za galimoto monga inatulukira ku fakitale. Munthu akasintha pulogalamu ya m'kompyuta ya injini, turbo imakankha mpweya wambiri ndipo pulagi imayaka msanga, zonsezo atazikonzera petulo wa mlingo umene iyeyo anasankha. Kusinthaku sikuoneka ndi maso, koma kawirikawiri kumasiya mapazi. Akumuuza mwana wawo kuti atsegule boneti n'kuyang'ana sefa ya mpweya yooneka ngati chulu m'malo mwa bokosi lakuda la ku fakitale, mapaipi onyezimira, ndi kabokosi kachilendo kolumikizidwa ku nthambo za masensa. Kenako agwade n'kusuzumira pansi, aone ngati paipi ya utsi yochokera ku turbo ndi yatsopano kapena yaikulu kuposa inzake. Akaona chimodzi mwa izi, apemphe lisiti ya amene anagwira ntchitoyo, amuimbire foni, amufunse kuti pulogalamuyo anailembera petulo uti.

Lisiti ikasowa, pali njira ina. Makaniko alumikize makina ake pa soketi ya OBD ya pansi pa chiwongolero, wina ayendetse galimoto pachitunda atapondetsa. Injini zamakono zili ndi sensa yomva kugogoda, ndipo ikamva, kompyuta imachedwetsa moto wa pulagi. Makina akaonetsa kuti ikuchedwetsa pafupipafupi, ndiye kuti mafutawo akuchepa mlingo, ngakhale khutu lisamve kanthu. Bambowa akuchenjeza kuti sensayo ili ndi malire, makamaka pa injini yowonjezeredwa mphamvu.

Langizo lawo ndi lomveka, ndipo n'lolondola: yankho lisanapezeke, 95 basi, pakuti kusiyana kwa mtengo pa lita n'kochepa. Sakuti petulo wodula ndi mankhwala. Galimoto yopanda turbo imene buku lake likulola 93 siipindula kanthu ndi 95.

Ndime yotsiriza ndi ya ulendo wa pa Khirisimasi, wodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Ku Malawi petulo ndi wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi Chikwawa, choncho palibe kusankha. "Usananyamuke, upite kwa amene anasintha pulogalamuyo akubwezeretsere ya ku fakitale. Zikakanika, usadzapondetse pachitunda muli katundu, ndipo ukadzamva kugogoda uchotse phazi nthawi yomweyo."