Matalala a ku Chama

Ndinali giredi 6 pamene matalala anagwa m'munda mwa ambuya ku Chama. Unali mwezi wa Disembala, chimanga chitafika m'mawondo. Tsiku lonse chigwa cha Luangwa chinatentha ngati ng'anjo, ndipo madzulo mitambo inada bii kumbali ya mapiri a Muchinga.

Ife ana tinathamanga ndi mbale kukatola, n'kumayamwa ngati maswiti. Ambuya anangoima pakhomo, manja kumbuyo.

Ndimakumbukabe kagwedwe kake. Aakulu, ngati mazira a nkhunda, ankabwera molunjika n'kumenya malata mwaukali. Ang'onoang'ono ankayenda ngati oledzera, ena kulowa pakhonde, ena kukankhidwira pansi mwadzidzidzi. M'mawa tinapeza chimanga chathu chili nsanzansanza. Munda wa aneba, kutsidya kwa kamtsinje, unali wobiriwira osakhudzidwa. Pofika masana mudzi wonse unali utagamula kale kuti matalalawo anachita kutumizidwa. Ambuya analeka kupereka moni kwa mayi amene ankapita nawo kuchigayo.

Nditabwera ku Lusaka m'pamene ndinawerenga za kapangidwe kake. Mphepo yotentha imakwera ndi madontho mpaka kumtunda kozizira, madonthowo amaundana, ndipo mphepoyo imawagwira m'mwamba kufikira atalemera. Potsika amadutsa mumpweya wovunduka, wozungulira ngati madzi a Luangwa pokhota. Lolemera limaboola n'kupitirira. Lopepuka limatsatira kazunguliridweko: apa lachedwa, apo lathamanga. Sinowo, imene sindinaionepo, ndiye imaseweredwa kwambiri, chifukwa pabata imatsika pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Akatswiri a University of Utah anaijambula ikugwa kumapiri a Alta kuti amvetse zimenezi. Komanso matalala amagwa m'kanjira kopapatiza, potsatira pamene pakudutsa mtima wa mtambo. Munda umodzi kuphwanyika, wina kutsala, ndi mmene amachitira kulikonse.

Ndinaimba foni kumudzi, ndili ndi chimwemwe cha wophunzira.

"Ambuya, sanali munthu ayi. Inali mphepo."

Anakhala chete kanthawi.

"Iwe mwana, nanga mphepoyo inadziwa bwanji malire a munda wanga?"

Ndinayambanso kufotokoza, koma thokotaimu inatha. Mayi aja anamwalira chaka chatha. Ambuya anapita kumaliro atasenza thumba la mpunga, anagona komweko masiku awiri, ndipo za matalala sanatchule.