Mark X yomwe sindinagule

Kwa zaka zitatu ndinkasunga ndalama za chiperegani, mtima uli pa Toyota Mark X. Ndikamawoloka mlatho wa Samora Machel pa njinga yamoto kubwerera ku Matema, dzuwa la ku Tete likuwotcha pamsana, ndinkadziona ndili m'kati mwake, mawindo otseka.

Mwezi watha ndinaipeza: yoyera, ya 2010, yochokera ku Japan. Ndalama zinaperewera, koma kubanki anali okonzeka kundikongoza n'kumadula pa malipiro.

Ndinatenga amalume, omwe ndi makaniko. Mipando sanaiyang'ane n'komwe. Anatsegula boneti, n'kuwerenga masilinda 6, kenako anagwada n'kusuzumira pansi.

"Mphwanga, galimotoyi ilibe vuto. Koma imamwa mafuta, ndipo ndi yotsika. Mayi ako akadwala nthawi ya dzinja, idzafika kumudzi ku Angónia?"

Ndinasowa choyankha.

Usiku ndinachita masamu omwe ndimaphunzitsa ana anga m'kalasi: kuchotsera. Pa malipiro ndinachotsa ngongole, mafuta, matayala ndi inshuwalansi. Zotsalazo sizinakwane lendi ndi thumba la ufa.

Ndikadali pa njinga, anzanga. Koma ndisaname: Mark X ikamadutsa, ndimacheukabe.