Kandege ndi Batire Lake

Ana inu, mng'ono wanga pobwera kuchokera ku Johannesburg anandipatsa kandege koseweretsa, kamene munthu amakawongolera ndi rimoti ali chilili pansi. Mphamvu yake imakhala m'batire laling'ono, ndipo imatha pa mphindi zowerengeka.

Tsiku lina, pofuna kukondweretsa ana a sukulu, ndinachotsa batirelo pa sola lisanadzaze. Kandegeko kanakwera bwino, koma posakhalitsa mphamvu inatha, ndipo kanagwera m'madzi a m'munda wa mpunga kuno ku Hara. M'mawa mwake batirelo linatupa. Ndinagwidwa manyazi, pakuti phuma linali langa.

Batire lotupa salitchajanso, chifukwa likhoza kuyaka moto. M'malo mwake amaikamo lina. Musaliboole, musaliponye pamoto, ndipo musalisiye padzuwa.

M'chaka cha 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo ku Kasungu oyeserapo ndege zazing'ono zopanda munthu m'kati, zokhoza kunyamula mankhwala. Kapena wina wa inu adzaziulutsa. Ameneyo adzayambe wadikira kuti batire lidzaze, pakuti kutsidyako kudzakhala wodwala akuyembekezera.