Kope la wolemba likhale losokedwa ndi ulusi

Anzanga a m'gulu muno, timakonda kukangana za mizere ndi mitu ya nkhani, koma za kope lomwe timalembamo sitikambirana. Ambiri a ife ndakatulo timayamba kuilemba pa pepala, pa foni imadzapita itapsa kale. Ndiye lero mundilole ndinene za kope, ine wogulitsa matimati, anyezi ndi mafuta ophikira kuno ku Naperi.

Kope langa silikhala pa tebulo. Limakhala pansi pa benchi, pafupi ndi dengu, ndipo ndimaligwira ndi manja omwe angopereka chenji. Mzere ukabwera sudikira kuti ndisambe m'manja. Kope la kusukulu, la chikuto chofewa lija, moyo umenewu siliutha. Vuto lake lili pakati, pa tizitsulo tiwiri togwira mapepala. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikaphimba Blantyre masiku angapo, tizitsuloto timachita dzimbiri, dzimbirilo limadya pepala, kenako tsamba lapakati limathothoka. Mukang'amba tsamba limodzi kutsogolo, mnzake wa kumbuyo amatsatira. Ndipo tsamba lothothoka pamsika sililira maliro, limakulungidwa mchere basi.

Ine ndimagula kaunta buku, la chikuto cholimba, lomwe ife amalonda timalembamo ngongole. Silokongola ayi. Koma taganizani, buku lomwe analipangira kusunga ndalama za munthu, angalipange lofooka? Ku Limbe amapezeka a 2 quire, masamba 192, a 3 quire, masamba 288, ndi a 4 quire, masamba 384. La 4 quire ndi lolemera, msana wake umatopa msanga mukamalinyamula m'chikwama tsiku ndi tsiku mu minibasi. La 2 quire limandikwanira, limadzaza lisanathe mphamvu.

Musagule ndi maso okha. Litseguleni, mufufuze pamene pali ulusi. Mukauona, ndiye kuti mapepalawo ndi osokedwa m'timagulu, ndipo buku lotere limagona lokha mukalitsegula, simulimbana nalo polemba. Mukaona guluu yekhayekha, libwezeni, ngakhale wogulitsa akwinye nkhope. Guluu akauma ndi dzuwa la Okutobala amasweka, masamba n'kumatuluka limodzilimodzi ngati mano a nkhalamba. Kenako kwezani tsamba limodzi kuloza kowala. Ngati zala zanu zikuoneka bwinobwino kuseri, inki nayonso idzaonekera, ndiye kuti mwalipira masamba 192 koma mudzalemba 96 okha. Chikuto mukachipinda pang'ono chibwerere chokha. Ena amaseka kuti mayi awa akusankha kope ngati akusankha nkhuku. Asekeni, ndalama ndi yanga.

Cholembera nachonso chimapha kope labwino. Zija za inki yamadzimadzi zimalemba mokoma, koma dontho limodzi la madzi a matimati, ndime yonse yasanduka mtambo. Bic wamba sachita zimenezo. Pensulo saopa madzi, kungoti amafufutika masamba akamakhudzana.

Mwina wina anena kuti wolemba weniweni safuna zonsezi, poti Jack Mapanje, atatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndakatulo ankazisunga m'mutu. Zoona. Koma iye sanachite kusankha, anamulanda pepala. Ndipo mutu wanga ine uli kale ndi mtengo wopikulira, fizi ya ana, ndi mayina a ondikongola. Mzere womwe sindinaulembe m'mawa, pofika madzulo wapita.

Chimodzi chomwe sindilola ndi kusakaniza ngongole ndi zolemba m'buku limodzi. La ngongole aliyense amalitsegula pofuna kutsutsa kuti analipira kale. Simungafune kuti kasitomala, pofufuza dzina lake, apeze ndakatulo yonena za mwamuna wanu.

Kope likadzaza ndimalemba mwezi ndi chaka pa chikuto, n'kuliika m'chidebe chokhala ndi chivundikiro, pamwamba, kutali ndi chiswe ndi mphemvu. Ife okhala m'munsi mwa phiri la Soche tinaona mu Malichi 2023 zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe. Madzi ngati amenewo palibe chikuto chomwe chingalimbe, ndiye masamba omwe ndawakonda ndimawajambula ndi foni n'kutumizira mng'ono wanga ku Zomba. M'chidebemo muli makope asanu tsopano, lachisanu ndi chimodzi lili pa tsamba 40.